Tsiku Limene Thukuta Langa Linauma

Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, kumene mwezi wa Juni madzi a m'ndowa amaluma zala. Ku Nkhata Bay ndinabwera ndi malemu amuna anga, atawatumiza kudzagwira ntchito ya ukalaliki ku maofesi a pa boma. Miyezi yoyamba ndinkalira. Anthu anatilandira bwino, koma kutentha ndiye kunandikana. Thupi lonse linatuluka tiziphuphu toyabwa, m'khosi, kumsana, ngakhale m'makwinya a mikono. Masana ndinkanyowetsa chitenje n'kudzifunditsa, n'kugona pa simenti ngati wodwala. Amuna anga akabwera kuntchito ankandiseka.

"Uzolowera," ankatero. "Munthu ndi chikopa cha ng'ombe, chimafewa n'kupalidwa."

Iwo atamwalira, abale anabwera kudzanditenga kuti ndibwerere kumudzi. Ndinakana. Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, anali pasukulu, ndipo kumudzi kunalibe chimene ndikanamudyetsa. Ndinayamba ndi mandasi, kenaka chipisi, mpaka ndinapeza kanyumba m'mbali mwa msewu wotsikira kudoko n'kutsegula lesitilanti. Kutsogolo kunali matebulo ndi mabenchi. Kuseri kunali khitchini ya malata okhaokha, denga ndi zipupa zomwe, yaifupi moti munthu wamtali ankawerama. Inali ndi kawindo kamodzi, nako tinakatseka ndi thumba chifukwa mphepo ya kunyanja inkaulutsira phulusa m'ndiwo. M'menemo munali mbaula zitatu ndi chiwaya chachikulu cha mafuta.

Thupi limaphunzira moto ngati mmene lilime limaphunzirira tsabola. Sindikudziwa kuti zinasintha liti, koma ndinangoona kuti ine amene ndinkalira ndi dzuwa la pakhonde ndayamba kuima pakati pa mbaula kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, osakhala pansi. Thukuta linkatsika m'miyendo mpaka kunyowetsa masilipasi. Khungu la zala zanga linakhuthala ngati la chidendene. Ndinkatola khala lamoto ndi zala n'kuliponya mu mbaula ina. Ndinkaphula poto wa nyemba popanda chogwirira. Nsomba ya batala ikamamatira m'chiwaya ndinkaikankha ndi nsonga za zala, mafuta akuthetheka. Amene ankabwera kudzafuna ntchito ankatha mlungu, ena tsiku limodzi lokha, n'kuthawa, akuti m'khitchini mwanga ndi m'ng'anjo ya njerwa.

Amene anapirira nane ndi mayi wina wa Chitonga, wa msinkhu wanga, wa ku mudzi wina kufupi ndi tauni. Iye ankaphika kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa, ndi chigwada, ine ndinkagwira zokazinga ndi mpunga. Koma ngakhale iye ankatuluka kawirikawiri kukapuma pansi pa mtengo wa mango, n'kumwa madzi makapu awiri.

"Ama, tulukani pang'ono," ankandiitana. "Mukufuna mupse ngati usipa?"

Ine ndinkangoseka. Madzi sindinkamwa kwenikweni, chifukwa chimbudzi chinali kutali, kuseri kwa msika, ndipo ukasiya chiwaya kanthawi kochepa chipisi chimada. Tiyi wa m'mawa ankandikwanira. Onyamula katundu a kudoko ankasuzumira pakhomo la khitchini n'kubwerera m'mbuyo akupukuta nkhope, n'kumauzana kuti, "Amayi awa sapsa." Mawu amenewo ankandikoma. Munthu wamasiye alibe zambiri zonyadira, ndipo ine ndinanyadira chimenecho.

Mwana wanga atakula anakwatiwa ndi mwamuna wa konkuno, Mtonga, wokonza injini za maboti kudoko. Munthu wofatsa, wamapewa otambalala, manja ake akuda ndi oyilo nthawi zonse. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Sadyera pamodzi, sakhala pa mphasa imodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Anthu ena kuno ankati ndikuwonjeza, koma mkamwini wangayo sanadandaule. Anaphunzira. Akabwera kunyumba ankanjuta patali, chipewa m'manja, nkhope kumbali, n'kupereka moni kudzera mwa mkazi wake. Chakudya chake cha masana mwana wanga ankadzatengera ku lesitilanti n'kumupititsira kudoko. Zaka zonsezo sanaonepo mutu wanga wopanda duku. Ndinkanyadira nazonso zimenezo, kuti ngakhale tili kutali ndi kwathu, ulemu sitinautaye.

Tsiku limene ndikunenali linali la kumapeto kwa chilimwe, mvula isanagwe, nthawi imene nyanja imangoti phee ndipo kumwamba kumayera ngati phulusa. Sitima inali itafika, anthu a ku Likoma ndi ku Chizumulu atadzaza msewu ndi matumba awo, aliyense ali ndi njala. Pamwamba pa apo, a ku ofesi ina anali ataitanitsa chakudya cha anthu a msonkhano. Tinayatsa mbaula zonse, n'kubwereka ina yachinayi kwa woyandikana nafe. Mnzanga uja anathamangira kutsogolo kukaperekera chakudya, ine n'kutsala ndekha kuseri.

Malata ankalira okha, kuti the, the, ngati akuwaponyera timiyala. Ndimakumbukira kuti mutu unayamba kugunda cha kumbuyo. Ndinati ndi utsi. Kenaka miyendo inayamba kukokana, ndinati ndi ukalamba. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nditapukuta pamphumi ndi mkono, mkonowo unabwera wouma. Ine amene bulauzi yanga inkachita kufinyidwa, tsiku limenelo ndinali gwa, khungu lotentha ngati chivundikiro cha poto. Ndinayamba kumva kuzizira. Tsemwe linandigwira pakati pa mbaula zinayi, ndipo mumtima ndinasangalala, n'kumati, onani, thupi langa lazolowera mpaka likumva mphepo. Ndimakumbukira nditagwira chipande, ndikuyang'ana chipisi m'mafuta, osadziwa kuti ndichite nacho chiyani. Dzina la chinthucho linandithawa. Basi, zimene ndimakumbukira zimathera pamenepo.

Ndinatsitsimuka kuchipatala, diripi ili pamkono, nditafunditsidwa chitenje chonyowa chimene sichinali changa. Mwana wanga anali atakhala pansi, maso atatupa. Dokotala, mnyamata wolankhula pang'onopang'ono, anandiuza kuti thupi langa linatentha kupitirira muyeso, mpaka linaleka kudziziziritsa lokha.

"Thukuta likauma chonchija, amayi, ndiye kuti zafika poipa," anatero. "Amene anakuvulani zovala n'kukuthirani madzi msanga ndi amene wakupulumutsani. Akanadikira galimoto, tikanakhala tikunena zina."

Mawu akuti anakuvulani anandilowa ngati munga. Ndinayang'ana mwana wanga. Iye anayang'ana pansi.

Amene anandifotokozera zonse ndi mnzanga wa Chitonga uja, tsiku lotsatira, atabwera ndi phala m'fulasiki. Poyamba ankazemba. Ndinamugwira mkono n'kumuuza kuti ndi bwino ndimve kwa iye kusiyana n'kukamva kumsika.

Anati anamva chiwaya chikununkha kupserera, n'kuthamangira kuseri. Anandipeza nditakhala pansi, nditatsamira chipupa cha malata chotentha chija, maso ali tong'o, ndikulankhula zosamveka. Anakuwa. Anthu anadzaza pakhomo, koma palibe analowa, ena akuti ndi khunyu, ena akuti musamugwire. Tsiku limenelo mwana wanga anali atapita kusikelo, motero mkamwini wanga anakwera yekha kuchokera kudoko kudzatenga chakudya chake, ataima panja monga mwa nthawi zonse. Atamva kukuwa anakankha anthu, n'kulowa, n'kundinyamula m'manja ngati mwana, kunditulutsa panja pansi pa mango.

"Mkamwini wanu anati anaonapo asodzi zikuwachitikira," anatero mnzangayo. "Sanafunse munthu. Anachotsa duku, n'kung'amba bulauzi, n'kumasula chitenje. Anakuwira anthu kuti abweretse madzi, ndowa zonse, ngakhale otsukira mbale. Wa golosale anabweretsa madzi oundana a m'firiji, iye n'kumakuikani m'khosi ndi m'khwapa."

"Anthu analipo?"

"Ama, linali tsiku la sitima."

Ndinatseka maso. M'chiuno mwanga munali mikanda. Anandigulira amuna anga tili achinyamata, ndipo atamwalira sindinaivule, ngakhale akubanja anati ndivule. Chinali chinthu changa ndi iwo, chimene ngakhale mwana wanga sankachidziwa. Tsiku limenelo anaiona onyamula katundu, amalonda a nsomba, makalaliki amene ankagwira ntchito ndi malemu, ana a sukulu, ndi mkamwini wanga.

"Amayi anzathu anabwera ndi zitenje n'kutchinga," anapitiriza, pofuna kunditonthoza. "Sizinatenge nthawi."

Koma ndinaona kuti pakamwa pake patsala mawu. Ndinamuumiriza.

Anati madzi atandifika ndinaphethira, n'kumuyang'ana mkamwini wangayo m'maso, n'kumwetulira. Ndinamukoleka mkono m'khosi. Ndinamusisita tsaya. Ndinamuitana ndi dzina limene ndinkaitana nalo amuna anga tikakhala awiri, n'kunena mokweza, aliyense akumva, kuti, "Mwabwera? Munali kuti nthawi yonseyi? Ine ndatopa kugona ndekha."

Mnzanga atanena zimenezo analira. Ine sindinalire. Ndinatembenukira kukhoma n'kukoka chitenje kuphimba mutu, ndipo ndinapempha Mulungu chinthu chimene sindinapemphepo ngakhale pa maliro a amuna anga.

Nditatuluka m'chipatala ndinakhala m'nyumba masabata angapo. Ndinkauza anthu kuti miyendo ilibe mphamvu, zimene zinali zoona pang'ono chabe. Nkhani zinkandipeza momwemo. Ena ankati ndinali nditaledzera. Ena ankati kusapsa kwanga konse kuja kunali kwa mankhwala, ndipo tsiku limenelo chizimba chinanditembenukira. Ena ankati wandilodza wa lesitilanti ya pafupi, munthu wosalakwa amene anatibwereka mbaula. Zonsezo sizinkandipweteka kwambiri. Chimene chinkandidzutsa usiku n'kuganiza za nkhope ya mkamwini wanga pamene ndinkamusisita tsaya, nkhope imene sindinaione ndipo ndinkangoipeka m'mutu.

Anabwera kudzandizonda ndi mkazi wake. Nditamva mawu ake panja ndinalowa kuchipinda n'kukhoma chitseko. Anabweranso, ndinachita chimodzimodzi. Kutchalitchi ndinasintha, ndinayamba kupita ku mapemphero a m'mamawa chifukwa iwo ankapita achiwiri. Njira yotsikira kudoko ndinaisiya.

Tsiku limene ndinabwerera ku lesitilanti ndinavala duku latsopano, n'kuyenda mutu uli pansi. Anthu anandilonjera bwino, ena anachita kuimirira. Mmodzi wa onyamula katundu anayamba kuseka atandiona, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Ndinadutsa, n'kulowa m'khitchini mwanga. Ndinaganiza kuti moto ukandilandira, zina zonse zidzaiwalika.

Moto sunandilandire. Zala zinali zokhuthala monga kale, khala ndinalitola osamva kanthu. Koma mafuta asanatenthe n'komwe, mutu unayamba kuzungulira, mtima kuthamanga, mseru kukwera. Ndinatuluka ndikugwira zipupa, n'kukakhala pa benchi pamaso pa makasitomala, mnzanga akundikupiza ndi chivundikiro cha ndowa. Ndinayesanso mawa lake, ndi mkuja. Dokotala anali atandichenjeza kuti thupi likagwa kamodzi ndi kutentha limakhala lamantha, kwa ena miyezi, kwa ena mpaka kale. Sindinamukhulupirire mpaka nditaona ndekha. Tinalemba ntchito mayi wina wa zokazinga, ine n'kukhala pakhonde kusankha mpunga ndi kusenda mbatatesi, ntchito imene kale ndinkapatsa ongoyamba kumene. Mlendo akafunsa kuti mwini wake ndani, ndinkachedwa kuyankha.

Mwana wanga ndiye anatopa nane. Anabwera kunyumba madzulo ena, mimba itakula, n'kukhala pa mpando osandipatsa moni wokwanira.

"Amayi, mukufuna akanatani? Akanakusiyani mufe ndi duku kumutu?"

"Sindinanene choncho."

"Nanga bwanji mukumuthawa ngati wakuberani?"

"Iwe sungamvetse. Unamva zimene ndinanena."

"Ndinamva. Tauni yonse inamva. Munkadwala, amayi. Munkaona bambo anga. Ndani angakusekeni chifukwa chosowa amuna anu?" Anapuma, n'kutsitsa mawu. "Mukudziwa kuti nayenso sakugona? Akuti anakuchotserani ulemu. Akuti akanaitana amayi anzanu kuti akuvuleni, koma mutu unamuthawa. Anagula bulauzi ndi chitenje kuti abweze zimene anang'amba, zili m'sutikesi mpaka lero, akuopa kukupatsani."

Zimenezo sindinaziganizirepo. Nthawi yonseyi ndinkaona manyazi anga okha, osadziwa kuti kutsidya kwa tauni munthu amene anandipulumutsa akudziyesa wolakwa. Ndinachita manyazi ena pamwamba pa oyamba aja. Koma ngakhale nditamva choncho, miyendo yanga inakanabe kupita kwawo. Ndinangopha nkhuku, n'kuiphika m'mamawa kunja kukadali kozizira, n'kumupatsira mwana wanga kuti akapereke. Mbale inabwerera yotsuka, pamodzi ndi pepala la pulasitiki lokulunga bulauzi ya buluu ndi chitenje. Bulauziyo inali yaikulu kwambiri. Munthuyo sankadziwa msinkhu wanga chifukwa sanandiyang'anepo.

Lamlungu lina masana, lesitilanti ili yotseka, ndinapitako kukatsuka mashelefu. Ndili m'kati ndinamva phokoso padenga la khitchini, misomali ikuzulidwa. Ndinasuzumira pa mng'alu wa chitseko chapakati. Anali mkamwini wanga, ali ndi mnzake wa zowotcherera, akuchotsa malata. Mwana wanga anali atakhala pansi pa mango, akuyang'ana kumbali ngati sakudziwa kanthu. Pansi panali mapaipi achitsulo ndi waya wa sefa.

Ndinafuna kuthawira kutsogolo, koma chitseko chinalira. Phokoso la padenga linaleka.

"Ama," anaitana. Sanadzere mwa mkazi wake. Aka kanali koyamba kundilankhula mwachindunji ndili ndi nzeru zanga. "Pepani, sindinapemphe. Ndikufuna ndikweze dengali, ndisiye mpata pamwamba kuti utsi uzituluka. Uku ndi uku ndiika sefa, mphepo izidutsa koma amphaka ayi. Amene akuphika muno asadzagwenso."

Ndinakhala pansi kuseri kwa chitseko, chipupa chili pakati pathu.

"Zikomo, bambo," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono. "Mwavutika."

"Palibe kuvutika."

Ndinamva mnzake uja akutsika n'kupita kutali, ngati wakumbukira kanthu. Ndinadziwa kuti ndikapanda kulankhula pamenepo sindidzalankhulanso.

"Bambo, tsiku lija munachita bwino. Musadziimbe mlandu. Moyo uno ndi wanu. Koma pakamwa panga panatuluka mawu osayenera. Sindinkadziwa kuti ndinu."

Ndinamva akusuntha nyundo pa lata.

"Mawu ati, ama? Ine sindinamve kanthu. Injini zinandiwononga makutu kalekale. Funsani mwana wanuyu, amachita kundikuwira."

Ankanama. Munthu ameneyo amamva boti ili kutali n'kudziwa chimene chavuta mu injini, ndipo mawu anga aang'ono aja, odutsa m'chitseko, anali atangowamva bwinobwino. Ndinagwira pakamwa ndi chitenje, misozi n'kutsika, yoyamba chigwereni.

"Chabwino, bambo," ndinatero.

"Yewu, ama," anathokoza m'Chitonga.

Anayambanso kukhoma. Anamaliza dzuwa likulowa, n'kuunjika malata akale kuseri, n'kutsuka manja pa mpopi, n'kunyamuka ndi mkazi wake ine ndisanatuluke.

Khitchini ija tsopano imapuma. Ndinaika ndowa ya madzi akumwa pakhomo pake, ndipo amene akuphika ndimawatulutsa mokakamiza, ngakhale anyinyirike kuti chipisi chipserera. Ine ndimalowamo m'mamawa mokha, kukazinga anyezi ndi kulawa mchere, dzuwa likakwera ndimabwerera pakhonde. Pali anthu m'tauni muno amene ndikakumana nawo ndimadziwa chimene akukumbukira, ndipo nkhope imanditentha mpaka lero. Mdzukulu atabadwa ndinapita kukakhala kwawo masiku angapo kuti ndithandize. Mkamwini wanga ankadzuka m'bandakucha n'kupita kudoko, ine ndinkadyera kukhitchini, ndipo tikakumana pakhomo lopapatiza la nyumba yawo tonse awiri tinkapatukira mbali imodzi, n'kupatukiranso ina, mpaka mwana wanga kutikalipira kuti wina adutse.